Sipika yawo inalira pamaliro, woipa dzina ndi mdzukulu wanga

Anthu aja otsatsa malonda ndi sipika pa njinga yamoto, amene ali ndi kaofesi moyandikana ndi okonza mafoni pamsika pathu pano, andiphera bizinesi ya mdzukulu wanga isanathe ndi mwezi womwe. Dzina lawo sinditchula. Mukuwadziwa. Ndapondako katatu sabata ino ndipo chogwira mtima palibe. Ndiye ndilemba pagulu pano, aliyense awerenge yekha.

Mdzukulu wanga ndi Tiyamike, mwana wa malemu mwana wanga wamkazi. Wakhala zaka zinayi ku Lilongwe akugwira ntchito m'nyumba za anthu, ndipo ndi komweko anaphunzira kuchapa makapeti. Anabwerera kuno ndi makina ake ogula kwa munthu, aja opopera sopo n'kuyamwanso madzi. Anati, "Agogo, ikayenda bizinesiyi sindibwereranso kutawuni. Ndizikhala ndi inu." Pakhomo pano ndinali ndekha. Mumvetse chimene chinali pamtima panga.

Makapeti kuno si ambiri, koma alipo. Maofesi a mabungwe cha ku Dzaleka, malo ogona alendo, matchalitchi kutsogolo kwa guwa. Koma ochuluka ali kumzikiti. Tiyamike anapita yekha kwa a Yusufu, eni sitolo ya nsalu ija, amenenso ali m'komiti ya mzikiti. Anawachapira kapeti imodzi yaulere kuti aone. Fumbi lofiira la kuno linatuluka lonse. A Yusufu anakondwa, nati makapeti onse a mumzikiti adzamupatsa mwezi wosala kudya usanayambe. Ntchito yaikulu yoyamba inali imeneyo.

Ine ndinati basi, kutsatsa kwake n'komweko. Yenda ndi miyendo yako, anthu akuone nkhope. Iye ayi, ati masiku ano bizinesi imafuna kumveka. Tinakangana masiku awiri. Anati wailesi. Ndinati amene azimva ku Bowe adzasenza kapeti pamutu kubwera nayo kuno? Anati timate mapepala m'mitengo. Ndinati mvula ndi mbuzi ziwerenga anthu asanawaone. Za pa foni ndinakaniratu. Nambala ya mwana wamkazi izingoyendayenda m'manja mwa aliyense, mbava zidziwenso kuti pakhomo pali makina? Pomaliza tinagwirizana za sipika. Ndinavomera chifukwa ndinkaganiza kuti sipika ndiimva ndekha ndi makutu anga, palibe angandinamize kuti ntchito yagwirika isanagwirike.

Ku ofesiko ndinapita nawo. Sindituma mwana pamene pakutuluka ndalama. Tinapeza bwana wake, bambo wa mimba ndi mafoni awiri, ndi mayi wina wa pa kauntala. Ndinafunsa zonse. Mudutsa msewu uti? Nthawi yanji? Munena mawu otani? Amene ayendetse njingayo ndi wa kuno? Bwanayo anaseka, ati, "Agogo, mukufunsa ngati apolisi. Ife ntchitoyi ndi yathu, musade nkhawa." Tinalipira K36,000 ya masiku atatu a msika: Loweruka, Lachitatu, ndi Loweruka linalo. Lisiti ndili nayo.

Pamene ankajambula mawu anafuna kuikamo nambala ya foni. Ndinakana. Ndinati munene kuti kwa Tiyamike, pakhomo pa gogo Nabanda, kuseri kwa chigayo. Wofuna ntchito abwere ndimuone m'maso. Ndinadziona wochenjera tsiku limenelo.

Loweruka m'mamawa uthenga unafika kuti mayi awo a Yusufu atisiya. Anzathu Achisilamu sagoneka maliro, amaika tsiku lomwelo. Ndinamanga chitenje n'kupita. Mayi aja tinkagulitsa nawo tomato limodzi kale, chipembedzo sichinatilekanitsepo. Nyumba yawo ili kuseri kwa sitolo, m'mbali mwenimweni mwa msewu. Masamba anali ataikidwa pamsewu mbali zonse ziwiri, aakuluakulu, oti ngakhale wakhungu akanawaponda n'kudziwa. Amuna anakhala pakhonde la sitolo ndi pansi pa mtengo. Ife amayi tinali kuseri pamikeka ndi pamakapeti amene anatulutsa m'nyumba.

Mwana aliyense wa kuno amadziwa. Ukaona masamba pamsewu umatsika njinga, umavula chipewa. Wa minibasi amazimitsa wailesi. Ngakhale woledzera amatseka pakamwa mpaka adutse.

Nthawi ili 10:20 ndinamva nyimbo ikutsika phiri. Ndinati ayi, aona masamba. Nyimbo inakula. Kenako mawu aja:

"Kapeti yanu ikununkha? Musachite manyazi! Bwerani nayo kwa Tiyamike, pakhomo pa gogo Nabanda, kuseri kwa chigayo!"

Abale anga. Sanadutse. Anaima. Anaima pakhonde penipeni pa sitolo, pamaso pa anthu olira, sipika ili pamwamba. Mawuwo anabwereza kanayi, ndinawerenga. Amayi onse anatembenuka kundiyang'ana. Mlongo wawo wa a Yusufu, amene ankalira chogona, anadzuka n'kukhala tsonga. Palibe amene anandilankhula. Bola akananditukwana. Mayi wina amene ndinakhala naye pafupi anangokoka chitenje chake kuti chisakhudzane ndi changa.

Amuna awiri ndi amene anaimirira n'kukamugwira phewa bambo woyendetsa njingayo. Anali ndi chipewa cha njinga kumutu, foni m'manja, akujambula kanema. Kujambula! Atamuuza ananyamuka, koma osazimitsa. Tinamvabe dzina langa likukwera phiri linalo.

Ndinakhala mpaka amuna atanyamula thupi. Kuthawa kukanakhala kuvomera kuti ndinatuma dala.

Lolemba 8 koloko ndinali pakhomo pa ofesi. Anatsegula 9:15. Mayi wa pa kauntala uja anati bwana apita ku Mponela. Ndinamufotokozera zonse. Iye maso ali pa foni, ati, "Iii, pepani agogo, zimachitika." Zimachitika? Kwa ndani? Ndinati chabwino, zina tikamba ndi bwana wanu, koma Lachitatu mawu a Tiyamike asalirenso. Anati auza bwana. Ndinati lembani. Analemba pachikhatho. Pachikhatho, abale, pamene ndikumuona akupita kukasamba m'manja kuti adye mandasi.

Lachiwiri 10 koloko ndinapeza loko. Wokonza mafoni anati magetsi kulibe, ndiye sanabwere. Ndinakhala pabenchi mpaka 12, ndinabwerera.

Lachitatu 9:40 ndikuanika ufa pakhomo ndinaimvanso. Nyimbo yomweyo. Mawu omwewo. Ikulowera komwe kuja, kumene abale ochokera kutali anali asanabalalike. Tiyamike anali akutsuka mapaipi a makina ake. Anangowasiya pansi, n'kulowa m'nyumba, n'kutseka chitseko.

Ndinasiya ufa kwa nkhuku. 11 koloko ndinamupeza bwanayo akudya chipisi.

Ndinamuuza kuti sindinabwere kudzatenga ndalama. Asunge. Ndikufuna chinthu chimodzi: adzuke, tipite limodzi kwa a Yusufu, akakhale pansi, akanene ndi pakamwa pake kuti cholakwa ndi cha ofesi yake, mwana sanadziwe kanthu. Ulendo wa mphindi khumi wapansi.

Anati wa njingayo si wantchito wawo, ndi wakabaza wa ku Mvera amene amangomuchita hayala. Ndinati si paja ndinafunsa ngati ndi wa kuno? Ndipo ku Mvera anthu safa? Masamba a kumeneko amatanthauza ukwati?

Anati munthuyo anangotsatira ndondomeko. Anatulutsa pepala. Pali malo asanu ndi atatu oti aziima mphindi zisanu, n'kujambula kanema wotsimikiza kuti waimadi. Akapanda kanema salipidwa. Khonde la a Yusufu ndi nambala 4. Ndiye bamboyo anaona masamba, anaona anthu, n'kuganiza za malipiro ake. Ndinafunsa kuti papepalapo palibe polemba kuti ukapeza maliro uzimitse? Anati, "Agogo, zimenezo ndi nzeru za munthu, sitingalembe zonse."

Kenako anatembenuza foni kundionetsa kanemayo. Ati umboni woti ntchito inagwirika. Ndinaona amuna atazolika pakhonde. Ndinaona a Yusufu atagwira kumutu. Kumbuyo dzina langa likulira. Ameneyo ndiye umboni wawo.

Ndinati nanga lero bwanji mwabwerezanso, nditakuletsani? Anaitana mayi uja. Mayiyo anati anaiwala. Bwanayo anati ngakhale akanakumbukira sizikanatheka, chifukwa pakakhadi kamene amaika m'sipikamo pali mabizinesi asanu ndi imodzi olumikizana, wa feteleza, wa mankhwala a mano, ena otero, ndipo wodziwa kudula pa kompyuta ali ku Lilongwe mpaka sabata ya mawa. Ndiye Loweruka likubwerali iliranso? Anakweza mapewa. Ati enawo analipira, sangawalakwire.

Ndipo anandiuza mawu amene mpaka pano akundiwawa m'chifuwa. Ati, "Komatu agogo, taonani mbali inayi. Pano palibe amene sakumudziwa Tiyamike. Kutsatsa ndi kumeneko." Anawonjeza kuti chifukwa cha ulemu wanga atipatsa tsiku limodzi laulere.

Laulere! Mukundipatsa chiyani, bambo inu? Muli ndi maliro ena amene mwawasungira?

Za kupita kwa a Yusufu anakana. Ati akapepesa ndiye kuti wavomera mlandu, ndipo bizinesi siyenda choncho. Ndinaima pamenepo ndi ndodo yanga. Ndikanatani? Kupolisi ndikanene kuti andibera chiyani? Lisiti ikuti masiku atatu, iwo akupereka masiku atatu.

Dzulo Lachinayi tinapita tokha, ine ndi Tiyamike. Tinatenga shuga ndi nkhuku. Mwanayo anagwada pakhomo, ndinalankhula ndine. A Yusufu ndi munthu waulemu. Anatilandira, anatipatsa mpando. Anati, "Mayi, ine ndikudziwa kuti simunatume. Mayi anga ankakukondani. Sindikusungirani kanthu." Ndinayamba kupuma. Kenako anati koma za makapeti a mumzikiti komiti yakambirana, achapa okha ndi manja monga kale. Ndinati bambo, mwanayu walakwanji? Anati, "Sanalakwe. Koma anthu aja anali pamaliro ndi omwewo amene amagunditsa chipumi pamakapetiwo kasanu pa tsiku. Akamva fungo la sopo wake azikumbukira nyimbo ija. Sindingawakakamize."

Akunena zoona.

Pobwerera tinapeza mayi wina wa malo ogona alendo atatuma njinga kudzatenga kapeti yake imene anasiya Lachisanu lapitalo. Yosachapa. Ati aona kaye. Kuchigayo ana akumuimbira Tiyamike mawu aja akamadutsa, "Musachite manyazi!" Lero m'mawa ndamumva akuimbira foni mayi amene ankamugwirira ntchito ku Lilongwe, kufunsa ngati malo ake alipobe. Amaganiza kuti ndili kudimba. Makina wawakulunga kale m'chiguduli.

Dzina langa m'sipikamo ndinaliika ndekha, zimenezo ndikuvomera. Ndinatseka khomo la mbava, tsoka linalowera pa zenera. Koma masamba aja sindinawaponde ine.

Inu amene mukuyamba timabizinesi, musanapereke dzina lanu kwa anthu a sipika, afunseni kuti akapeza maliro amatani. Alembe papepala, osati pachikhatho. Akaseka, tulukani. Dzina likakwera njinga ya munthu wina simulitsatira komwe likupita.

Ndipo inu bwana wa mafoni awiri, ndikudziwa muli pagulu pano, mumaika zithunzi za masipika anu Lolemba lililonse. Ndiyankheni pamaso pa anthu. Ndani analemba pepala la malo oima lija? Ndani amene amakana kulipira munthu akazimitsa sipika pamaliro? Mawa ndi Loweruka, mukuti iliranso. Mudutsa nayo pati?

A Yusufu atsegula sitolo mawa koyamba chichitikireni zovutazi, 7 koloko. Ine ndidzakhala pakhonde paja kuyambira 6:30. Mubwere mudzanene mawu awiri okha opepesa, mwina mwanayu angamasule chiguduli chija. Mukapanda kubwera, njinga yanu idzandipeza pomwepo, pa nambala 4. Mphamvu yoiletsa ndilibe. Ndidzangoima pamsewu, andijambule.