Matumba a Mtedza mu Bajeti ya Dolika

Alipo ena amene akuwerenga nkhaniyi mitima ili yolefuka, chifukwa apempha kambirimbiri koma yankho ndi lomwe lija lakuti pepani. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, khalani pansi pang'ono mumve za Dolika Sakala.

Dolika anasiya sukulu ku Chiparamba ali mu giredi 9, ali ndi pakati. Palibe amene anamuthamangitsa. Anangovula yunifolomu tsiku lina masana, n'kuipinda bwinobwino, osaivalanso. Mnyamata amene anamupatsa mimbayo anakwera basi ya ku Lusaka osatsanzika. Bambo ake anasiya kumutchula dzina. Kutchalitchi anachoka m'kwaya, n'kumakhala pa benchi yakumbuyo, akuyendetsa milomo popanda mawu.

Azakhali ake a ku komboni ya Nabvutika, m'tauni ya Chipata, ndiwo anamutola. Mwana atabadwa, Dolika anayamba kukazinga zitumbuwa pafupi ndi siteshoni ya mabasi, khanda lili kumsana. Dzuwa likafika paliwombo ankakweza maso kuyang'ana mapiri amene azinga Chipata. M'chilimwe mapiriwo amavala utsi wa lupsa, n'kumaoneka ngati akuyandama pamwamba pa tauni. Mtima wake unkayandama nawo limodzi.

"Iwe, mafuta akupserera apo!" anakuwa azakhali tsiku lina. "Ukulota chiyani masanasana?"

"Ndikulota sukulu, azakhali."

"Ndiye dzuka uzipita. Mwanayu masana ndi wanga, madzulo ndi wako."

Anapitadi. Anakhala m'kalasi limodzi ndi ana amene kale ankawabereka kumsana. Masamu anamugwetsa pa mayeso omaliza, iye n'kulembanso. Yunivesite anaiphunzira ndi nsapato zosokedwa kawirikawiri. Koma Mulungu amene amadyetsa mbalame zosalima sanamuiwale. Patapita zaka, Dolika anabwerera ku Chipata ali mphunzitsi wa maphunziro a kakhalidwe ka anthu pa yunivesite ina yaing'ono.

Mwina mukuganiza kuti nkhani yathera pamenepa. Ayi, chigwa china chinali patsogolo.

Masiku ano mphunzitsi wa pa yunivesite sangodalira choko. Amayenera kuchita kafukufuku, ndipo kafukufuku amafuna ndalama za maulendo, za makina ojambulira mawu, za anthu othandiza. Ndalamazo zimachokera ku mabungwe amene amalengeza kuti ali ndi thumba, ofuna atumize mapempho. A zaulimi ndi a zaumoyo amapeza msanga, poti mbewu ndi mankhwala zimaoneka ndi maso. Koma anzathu amene chuma chawo ndi mawu a anthu amaima pamzere wautali.

Mkulu wa dipatimenti anamuuza Dolika mosapita m'mbali kuti chaka chikatha asanapeze thandizo la kafukufuku, ntchito yake ithera pomwepo.

Funso la Dolika linali limodzi, ndipo linkamutsata ngati chithunzithunzi chake. Lamulo limalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Nanga bwanji ambiri sabwerera? Nanga obwererawo, bwanji ambiri amachokanso?

Koma funsoli ankaliveka zovala za eni. Akamva kuti bungwe lakuti likufuna za kusintha kwa nyengo, atsikana ake ankasanduka alimi. Lina likafuna za malonda, ankasanduka amalonda. Mayankho ankabwera aulemu, ofewa ngati thonje, koma onse okana.

Pa yunivesitepo panali bambo wina wachikulire, a Lyford Jere, amene ntchito yawo inali kusakira aphunzitsi mabungwe othandiza ndi kuwakonzera mapempho. Tsiku lina anawerenga pempho la Dolika, navula magalasi.

"Madamu, inu mwasanduka bilimankhwe. Mtengo uliwonse, mtundu wake."

"Nanga nditani, Bambo Jere? Ndikulemba zimene iwo akufuna."

"Chizungu chanu n'chokoma, sindikana. Koma pempholi ndi loyera ngati mbale yosadyera. Mulibe munthu umu. Pitani mukayambe ndi zochepa zomwe muli nazo, mubwere ndi mawu a atsikanawo. Pali bungwe lina la kunja limene latsegula thumba la maphunziro a atsikana. Chaka chino lotsala ndi lomweli."

Dolika anakwera minibasi ya ku Chiparamba atanyamula mapepala a mafunso. Anasonkhanitsa atsikana angapo pansi pa mtengo wa mango, iye pampando, cholembera m'manja.

"Unasiyiranji sukulu?"

"Kaya, madamu."

"Ukufuna kubwerera?"

"Inde, madamu."

"Chikukuletsa n'chiyani?"

"Palibe, madamu."

Onse ankayang'ana zala za kumapazi. Dzuwa linapendeka mapepala ali odzaza ndi kaya. Dolika anaima m'mbali mwa msewu, minibasi osaoneka, fumbi lofiira likutera pa nsapato zake. Anapemphera pemphero lalifupi la munthu wotopa: "Ambuye, mwandifikitsa kuno kuti ndidzathere panjira kodi?"

Chimene chinaima sichinali minibasi koma lole yodzaza matumba. Kutsogolo kunali mayi wina wovala mpango wobiriwira, Amayi Zaitun, wamalonda wachisilamu amene amagula mtedza m'midzi n'kukaugulitsa m'tauni. Anamusendera malo. Pofika pa msewu wa tala, Dolika anali atawakhuthulira zonse.

Amayi Zaitun anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Achemwali, mwapita kukasaka kutali chonsecho? Atsikana osiya sukulu kwanga adzaza shedi, amaswa mtedza. Bwerani mawa. Koma mapepala anuwo atsale kunyumba. Kwanga wokhala pansi amagwira ntchito, kaya ndi pulofesa."

M'mawa mwake Dolika anamanga chitenje nakakhala pamphasa pakati pa atsikanawo, lichero pamiyendo. Anawauza kuti iye ndi ndani, ndiponso chimene akufuna kudziwa. Anangomuyang'ana cham'mbali. Iye sanafunse kanthu. Anatola mtedza, nayamba kuswa.

Kuwala kunkalowa m'timabowo ta malata, n'kuima m'shedimo ngati nsanamira zagolide, fumbi likuvina m'kati mwake. Ponseponse pankangomveka phokoso laling'ono la makoko, thwa, thwa, thwa, ngati mvula yoyamba ikamagwa pa masamba ouma. Nthawi inaleka kuthamanga. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku limenelo palibe chinatuluka, koma nthabwala za zala zake zofewa. Anabweranso, nabweranso. Tsiku lina mtsikana wina wamng'ono thupi, dzina lake Lettie, anayamba kulankhula maso ali palichero, ngati akuuza mtedzawo.

"Ine kusukulu ndinabwererako. Mwana anali asanasiye kuyamwa. Tili m'kati mwa masamu, mkaka unatuluka, bulauzi yonse kunyowa. Anyamata anayamba kulira ngati ana a ng'ombe. Aphunzitsi nawo anaseka."

"Ine ankandiitana kuti amake mwana," anatero wina. "Ngakhale poitana mayina m'mawa."

Wachitatu anawonjezera, "Iwe bola unali ndi womusiyira mwana. Ine apongozi anati sukulu ya chiyani, ukufuna ukapezeko wachiwiri?"

Onse anaseka, kuseka kuja kumene kumakhala ndi misozi kumbuyo. Manja sanaime.

"Inenso bulauzi yanga inanyowapo," anatero Dolika motsitsa mawu. "Ndinkaika kansalu m'kati."

Makoko anangoti zii. Lettie anakweza maso kwa nthawi yoyamba.

"Inu, madamu? Bodza!"

"Funsani ku Nabvutika. Zitumbuwa zanga akuzikumbukirabe."

Pobwerera kunyumba Dolika anazindikira chimene chinamuphonya pansi pa mango paja. Munthu wamanyazi salankhula akamayang'anidwa. Iye mwini, dzina la mnyamata uja anawauza azakhali ake manja ali otanganidwa, maso ali pansi, osati atakhalitsidwa pampando.

Atsikanawo atavomera kuti mawu awo alembedwe popanda mayina, Dolika analemba pempho latsopano. Mu bajeti sanaikemo holo ya ku hotela monga amachitira onse. Anaikamo mphasa, malichero, cholipira atsikana pa nthawi yawo, ndi matumba a mtedza wosaswa, woti ukaswedwa ukhale wa atsikanawo.

A Jere anawerenga mawu a Lettie mwakachetechete, nagwedeza mutu. Atafika pa bajeti anatsokomola.

"Madamu, apa ndiye akatiseka. Adzati kodi imeneyi ndi yunivesite kapena msika? A ku ofesi ya ndalama adzandibwezera, adzati mtedza si chipangizo cha kafukufuku. Fufutani mzerewu. Lembani msonkhano wa ku hotela, tiyi ndi masikono, zimene anazolowera."

"Ku hotela atsikanawo akandiuza kaya."

"Zimenezo tikaziona ndalama zitabwera. Mukudziwa kuti mwayi wina kulibe."

Dolika anatola pempho lake natuluka. Mapazi anamutengera kutchalitchi, kumene a kwaya ankaphunzira nyimbo masana. Anakhala pafupi ndi zenera. Mawu a amayi ankakwera, a abambo n'kuwalandira pansi, ndipo kunja maluwa ofiirira a mitengo ya m'misewu ankagwa limodzilimodzi popanda mphepo. Anatsinzina. Anaona shedi yaikulu yopanda makoma, mphasa zitayalidwa kuchoka ku Chipata mpaka kuseri kwa mapiri, atsikana osawerengeka atakhala pamenepo, aliyense akulankhula, ndipo kumwamba kuli tcheru. Anaganizanso za Tamiwe, mwana wake uja, amene tsopano anali ku sekondale ndipo ankadalira ntchito yomweyi. Mantha analipo ndithu. Koma anadzifunsa kuti, ndikapeza thandizoli ndi bodza, ndikakolola chiyani?

M'mawa anabwerera kwa a Jere.

"Mzere uja ukhale."

Bamboyo anapumira m'mwamba.

"Chabwino. A ku ofesi ya ndalama ndilimbana nawo ndekha. Ngati tikumira, timire ndi mtedza wathu."

Patapita milungu, bungwe lija linamuitana kuti licheze naye pa kompyuta. Pagalasi panaoneka nkhope zitatu. Anamufunsa za chiwerengero cha atsikana, iye nayankha bwino. Anamufunsa za kasungidwe ka mawu ojambulidwa, apo anadodoma. Kenaka mayi wina wa imvi anasendera pafupi.

"Ndawerenga mapempho ambiri pa moyo wanga, koma matumba a mtedza sindinawaonepo. Ndi a chiyani?"

A Jere, amene anakhala pambali posaoneka, anagwira mutu.

"Ndi oti atsikana alankhule," anayankha Dolika. "Mtsikana amene wachititsidwa manyazi, mukamuyang'ana m'maso amakupatsani yankho laulemu lopanda kanthu. Mupatseni chogwira m'manja, mukhale naye pansi, inunso muzigwira. Mawu amabwera okha. Ndikudziwa chifukwa ndinali mmodzi wa iwo."

Mayi uja sanaseke, sanamwetulirenso. Analemba kanthu, nathokoza, ndipo galasi linada.

Kudikira kunali kowawa. Kutentha kwa Okutobala kunaphimba tauni ngati bulangete. Dolika ankaphunzitsa, Loweruka n'kupita kushedi, ngakhale sankadziwa ngati mawu amene akumvawo adzafika kwina kulikonse. Amayi Zaitun ankamulandira ndi madzi ozizira.

"Musaonde, achemwali. Wopatsa ndi Mulungu, mabungwewa ndi matumba chabe. Ine ndikukupemphererani kwathu, inu pempherani kwanu."

Mitambo inayamba kusonkhana kum'mawa. Tsiku limene mvula yoyamba inagwa, fungo la dothi litalowa m'makalasi, Dolika anali pa bolodi pamene chitseko chinatseguka popanda kugogoda. Anali a Jere, malaya atanyowa, akupuma mwawefuwefu.

"Madamu, pepani ndakudulani. Avomera!"

Choko chinagwa m'manja mwa Dolika.

"Avomera zonse, zaka zitatu. Koma ali ndi funso limodzi." Bamboyo anapukuta magalasi, akulephera kubisa kuseka. "Akufunsa ngati matumba aja akwanira, kapena awonjezere."

Dolika anagwada pomwepo pa simenti, pamaso pa ophunzira ake, ndipo mawu okhawo amene anatuluka anali akuti, "Zikomo, Atate." Mvula inalimba padenga, ngati nayonso ikuyamika.

Lero mukapita ku Chiparamba nthawi yokolola, mwina mudzapeza mphasa zitayalidwa pamthunzi, atsikana akuswa mtedza, ndipo pakati pawo mayi wina wa chitenje akumvetsera. Zimene amamva pamenepo zayamba kufika m'misonkhano ya aphunzitsi, ndipo masukulu ena ayamba kupatula kachipinda koti mayi wachichepere ayamwitsiremo mwana pa nthawi yopuma.

Inu amene mukulemba pempho lachisanu kapena lachikhumi, inu amene akuuzani kuti chimene muli nacho n'chosekesa, imvani. Mulungu sanakupatseni njira yowawa imene mwadutsamo kuti muibise. Pali mzere wina m'moyo wanu umene anthu akukuuzani kuti mufufute kuti mufanane ndi onse. Ngati uli woona, usiyeni ukhale. Konzani zimene zikufunika kukonza, mverani okuthandizani, pempherani, tumizaninso. Osataya mtima.