Tsache Losamveka la Jincy

M'nyumba yathu yosanja ya Mayi Schwaderer munthu amadziwika ndi tsache. Ine Rieger ndinabadwira m'tawuni yomwe ino ya m'mbali mwa mtsinje wa Neckar, ndayendetsa basi mpaka msana kupindika, ndipo nditapuma pa ntchito ndinkati zondipsetsa mtima zatha. Ndinkanama. Kunabwera Jincy Kuruvilla, ndipo nkhani yake imandiwawabe mpaka lero.

Anafika masamba atayamba kuyoyoka, kuchokera ku Kerala m'dziko la India, ndi masutikesi awiri ndi kajuzi kopyapyala koti kuno sikangafunditse ngakhale mphaka. Anamupatsa kachipinda ka pamwamba penipeni, pansi pa denga, komwe ngakhale iye wamfupiyo ankagunda mutu akadzuka mofulumira. Kwawo anasiya mwamuna wake Biju ndi mwana wawo wamkazi Ponnu, amene anali asanayambe sukulu. Kumeneko Jincy anali namwino wa zaka zambiri m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Kuno mapepala ake anali asanavomerezedwe, choncho kunyumba yosungira okalamba kumene anapeza ntchito ankangosambitsa, kudyetsa ndi kusintha zofunda, uku akuonerera atsikana otuluka sukulu dzulodzuloli akubaya jakisoni. Ndipo poti anali watsopano, Loweruka lililonse mmawa linali lake logwira ntchito. Anzake ankati ndi mmene zimakhalira, nawonso anadutsa momwemo.

Zonsezo ankapirira chifukwa cha chinthu chimodzi: kuitanitsa Ponnu ndi bambo ake. Koma aboma salola munthu kuitanitsa banja ali m'kachipinda kamodzi. Anayesa kufunafuna nyumba m'tawuni monse. Eni nyumba akangomva kalankhulidwe kake pa foni, nyumba ija inkakhala kuti yapita kale, mwina mmawa womwewo. Mwayi unaoneka m'nyumba mwathu momwemo. Mkulu wina amene ankakhala pansi, m'nyumba ya zipinda ziwiri zogona ndi kadimba kuseri, ananena kuti chisanu chikatha asamukira kwa mwana wake. Mayi Schwaderer, eni nyumba, analengeza pa masitepe kuti safuna anthu achilendo, adzapatsa mmodzi wa a pamwamba aja. A pamwamba anali awiri okha: Jincy, ndi Timo wogulitsa mafoni, amene chitseko chake chinayang'anizana ndi cha Jincy.

Sabata yomweyo Jincy anagula tinsapato tofiira ta ubweya m'kati, n'kutiika pawindo. Anandionetsa akumwetulira, akuti watenga tokulirapo dala kuti Ponnu adzativale nyengo ziwiri. Ine ndinangoti n'tokongola. Mumtima ndinkaganiza za kathabwa kamene kanali m'njira kupita pachitseko chake.

Kathabwako n'ka Kehrwoche, sabata yosesa. Kali ndi chithunzi cha tsache, ndipo kakapachikidwa pa msomali wa chitseko chako, masitepe onse, khonde, pamabini a zinyalala ndi kanjira ka oyenda pansi kutsogolo kwa nyumba ndi zako mpaka Loweruka. Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti ntchitoyo imagwiridwa Loweruka mmawa, ndiponso kuti imamveka. Tsache limagunda zitsulo zogwirira, ndowa imaikidwa pansi kuti khwa, chopondera cha pakhomo chimakung'unthidwa panja anthu a tsidya la msewu akuona. Palibe amene anatiphunzitsa. Tinangokulira momwemo.

Jincy anasesa Lachinayi masana atachoka kuntchito. Anavula nsapato kuti asasokoneze munthu, anatenga nsanza, n'kupukuta sitepe iliyonse ndi manja, mpaka m'makona momwe tsache langa silinafikemo chikhalire. Masitepewo anawala moti ndinachita manyazi kupondapo. Koma Loweruka Mayi Schwaderer anaima kuseri kwa chitseko chawo, khutu lili tcheru, ndipo m'nyumba monse munali zii.

Tinakumana pamabini madzulo ake. Iwo anayamba ndi kupuma kwawo kuja kotulukira m'mphuno, n'kunena kuti mtsikana wa pamwamba uja sasesa. Ndinawauza kuti ayang'ane okha masitepewo.

"Munamuona akusesa, Bambo Rieger?"

"Ayi, koma..."

"Munamumva?"

"Sindinamumve."

"Ndiye mukuchitira umboni chiyani?"

Mayi amenewa ndawadziwa kuyambira ali ndi mano awo onse. Si anthu oipa mtima, ayi. Amuna awo atamwalira anasesa masitepe tsiku la maliro lomwelo chifukwa inali sabata yawo. Koma kukangana nawo kuli ngati kukangana ndi chikwangwani cha pamsewu.

Ndinakwera pamwamba kukamutsina khutu Jincy. Ndinamupeza akudya mpunga ndi nsomba ya tsabola, ndipo anandikakamiza kulawa, ine n'kutsokomola mpaka misozi. Nditapeza mpweya ndinamufotokozera zonse bwinobwino. Anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Bambo Rieger, kwathu mkazi akamasesa mwaphokoso ndiye kuti wayambana ndi apongozi ake."

"Kuno wosesa mwakachetechete sanasese, mwana wanga."

"Koma poyera pamadziwika. Mayi aja ali ndi maso."

"Maso ali nawo, koma amaonera m'makutu."

Anasekanso, n'kunditsimikizira kuti Loweruka mmawa sangathe chifukwa cha ntchito, ndipo kuti ukhondo sufuna ng'oma. Ndinatsika nditakwiya, theka ndi iye, theka ndi ife.

Nanga Timo? Ukaipa dziwa nyimbo. Mnyamata ameneyu m'chipinda mwake simulowedwa, koma sabata yake ikafika ankatuluka Loweruka mmawa atavala epuloni, n'kuyamba kumenya zitsulo ndi tsache ngati akuthamangitsa njoka. Fumbi ankangolisuntha kuchoka kona ino kupita kona iyo. Ankakhosomola pachitseko cha eni nyumba, kupereka moni mokweza, kudandaula pang'ono za masamba a mtengo wa aneba, basi watha. Mayi Schwaderer ankati mnyamata ameneyu analeredwa.

Chimene chinaononga zinthu kwenikweni chinachitika mu Novembala, pa sabata ya Mayi Schwaderer eni akewo. Jincy anabwera kuchokera kuntchito masana n'kuwapeza asanamalize, atagwada pa masitepe, nsanza ili m'manja, akupumira m'mwamba. Kwawo kuona munthu wa msinkhu wa amayi ako akukolopa iwe n'kungodutsa ndi tsoka. Anaponya chikwama pansi, anagwada, n'kuwalanda nsanza ija mwaulemu wonse.

"Amayi, kapumuleni. Ndilipo ine mwana wanu."

Ine ndinali pakhomo panga ndi thumba la buledi, ndipo ndinatseka maso. Mayi Schwaderer anaimirira pang'onopang'ono atagwira chitsulo, nkhope itafiira mpaka m'makutu.

"Mayi Kuruvilla, ine si mmodzi wa nkhalamba zanu za kuntchito zija. Miyendo ndili nayo. Kapena mukuti sindikuyeretsa?"

Anatenga nsanza yawo, n'kuyambiranso pa sitepe yomwe Jincy anali atapukuta kale. Jincy anangoima manja lende. Mawa lake anawatengera mbale ya zitumbuwa za mpunga za kwawo kuti apepese. Mbaleyo inabwerera yotsukidwa bwino, ndi mawu oti azitsegula windo akamaphika.

Apa m'pamene anandikhulupirira. Anabwera kwa ine maso atatupa, akuti wakhala akuphunzira chinenero chathu mpaka lilime kuuma, amapatula zinyalala m'mabini onse monga anamuuzira, saimba nyimbo Lamlungu, nanga chatsala n'chiyani kuti aoneke munthu?  Ndinangoti kathabwa kakadzabweranso mu Januwale, apeze Loweruka, zivute zitani.

Kulipeza Loweruka limenelo kunali ngati kupempha mvula. Oyang'anira ntchito anati ndandanda inapangidwa kale ndipo sisinthidwa. Mnzake wina anavomera kusinthana naye, koma pokhapokha Jincy amugwirire Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. Anavomera. Pa Khirisimasi, mmalo mopemphera ndi anthu a kwawo amene amasonkhana mumzinda wa Stuttgart, ankadyetsa supu anthu osamudziwa dzina, ndipo Ponnu anamuona pa foni kwa kanthawi kochepa m'kachipinda kosinthira zovala. Ine ndinamubwereka tsache langa la mtengo wolimba ndi ndowa yanga yachitsulo, chifukwa yake ya pulasitiki sikanatha kulira.

Loweruka lija linafika kukuzizira koopsa. Ndinatsegula chitseko changa pang'ono n'kukhala pampando. Poyamba ndinamva kagogodo kamanyazi, ngati munthu wopempha mchere. Ndinakhosomola mokweza kuti adziwe kuti sizikukwana. Anagundanso, mwamphamvuko pang'ono. Kenako sindidziwa chimene chinamulowa. Mwina anakumbukira mapepala ake aja, mwina Khirisimasi ija, mwina mafoni onse aja a nyumba zopita kale. Tsache linayamba kulira kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndowa ikugunda sitepe iliyonse, ndipo atatuluka ndi zopondera anazikung'untha pakhoma mpaka galu wa tsidya lina kuuwa. Pa moyo wanga wonse sindinamvepo Kehrwoche ngati imeneyo. Ndinanyadira ngati ndi mwana wanga wobereka ndekha.

Chitseko cha eni nyumba chinatseguka. Mayi Schwaderer anayang'ana masitepe, anayang'ana Jincy amene thukuta linali kamukamu ngakhale kunali chisanu, n'kugwedeza mutu movomereza.

"Eya. Tsopano ndiye mwayamba kukhala munthu wa m'nyumba muno."

Jincy anapukuta manja pa siketi, n'kufunsa mwaulemu za nyumba ya pansi ija.

"Ya pansiyo? Ndinalonjeza kale Timo, Khirisimasi isanafike. Munthu ndinali nditamuona mmene amasamalira. Koma musataye mtima. Mukapitiriza chonchi, ina ikadzapezeka tidzaona."

Ananena zimenezo mokoma mtima, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Ndinatuluka n'kuwauza kuti Timo akufuna nyumbayo kuti aziwotchera nyama m'kadimba, pomwe apa pali mwana amene akudikira mayi ake. Anandiyankha kuti mawu awo sabweza, ndipo nyumba ndi yawo. Ndinawafunsa kuti ina imene idzapezekeyo ndi iti, poti yotsala ndi yanga, ndipo ine ndidzatulukamo ndili m'bokosi. Anati ndisalankhule zopusa pa masitepe onyowa, n'kutseka chitseko.

Jincy sanalire pamaso pathu. Anamaliza kusesa kanjira ka panja, anatsuka ndowa yanga, anaibweza ndi zikomo, n'kukapachika kathabwa pachitseko cha wotsatira monga mwa mwambo. Kuyambira tsiku limenelo sabata yake ikafika amasesa Loweruka masana akachoka kuntchito, ndipo amagunda zitsulo mokwanira, nkhope ili gwa. Mayi Schwaderer amauza aliyense kuti mtsikana uja anaphunzira. Mapepala ake akuti akuyendabe. Nyumba akufunafunabe, ndipo tsopano mafoniwo ndimaimba ndine mmalo mwake ndi mawu anga a kuno, koma tikafika pakhomo eni nyumba n'kumuona, nyumba ija imapezeka kuti yapita.

Timo anasamukira pansi mitengo itayamba kuphuka. Sabata yotsatira inali yanga. Nditatuluka ndi tsache Loweruka mmawa ndinapeza kakatoni m'mbali mwa khoma, pa kanjira ka oyenda pansi, monga timachitira kuno ndi zinthu zimene sitikuzifunanso kuti wodutsa atole. M'katimo munali tinsapato tofiira tija, zingwe zake zisanamasulidwe n'komwe. Jincy anatulukira ndi chikwama chake cha kuntchito, akuthamangira basi. Ndinamufunsa ndi maso okha.

"Biju anamuyeza phazi dzulo," anatero. "Wakula kuposa mmene ndinkaganizira. Tamuchepera kale."

Sanayang'ane katoniyo. Anakhota pakona n'kupita.

Windo la eni nyumba linatseguka pamwamba panga.

"Bambo Rieger, katoniyo ichoke. Ikutchinga posesa."

Katoniyo sindinaigwire. Ndinasesa mozungulira, pang'onopang'ono, kusamala kuti fumbi lisagwere pa tinsapatoto. Mayi Schwaderer anakhala pawindo nthawi yaitali akudikira, koma tsiku limenelo tsache langa silinamveke.