Wamasiye wa drafuti

Mawu akuti "gofu wido" ndinawamva koyamba ndikusita malaya pakhonde la nyumba yaikulu ya pafamu ina kufupi ndi tauni ya Beatrice, ku Zimbabwe. Makolo anga anachokera ku Dedza kalekale, ine ndinabadwira mukomboni ya pafamu pomwepo. Minda itagawidwa tinatsala tikugwira maricho, ganyu wa lero ndi lero, mpaka mkazi wa mwini famu watsopano ananditenga kuti ndiziwathandiza m'nyumba.

Linali Loweruka. Madamu ankalankhula pafoni ndi mng'ono wawo, akusakaniza Chishona ndi Chingerezi. Chingerezi changa ndi cha Giredi 7, koma liwu lakuti wido ndinkalidziwa, chifukwa ndi limene analemba pakhadi la kuchipatala la amayi anga bambo atamwalira. Ndinaika simbi pansi. Abwana anali atanyamuka m'mawa ali bwinobwino, ndiye ndinangoganiza za ngozi pamsewu wa ku Harare.

Atadula foni ndinapita kukagwada pafupi ndi mpando wawo.

"Pepani, mayi. Zachitika nthawi yanji?"

"Zachitika zotani?"

"Za abwana. Ndamva mukunena kuti wido."

Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chala. Kenako anandiuza kuti abwana ali moyo, ali kutauni akumenya kampira koyera ndi ndodo, masewero otchedwa gofu. Azungu, anatero, ali ndi dzina la mkazi amene mwamuna wake watengedwa ndi masewero: amamutcha wamasiye wa gofu, wamasiye wa mpira, wamasiye wa mbedza, malinga ndi chimene chamulanda mwamunayo.

"Ndi nthabwala chabe," anatero. "Dzukani, mudetsa chitenje."

Ndinabwerera ku malaya aja, koma nthabwalayo sinandichoke m'mutu. Amuna anga samwa mowa, sanandimenyepo, ndipo sindinamvepo mphekesera za mkazi wina. Chawo ndi drafuti. Kumagolosale a m'mbali mwa tala kuli mtengo umene amuna amakhala pansi pake, bolodi pamaondo, akukankha zitsekerero za mabotolo. Akaweruka kumaricho amangosamba m'manja n'kulunjika komweko. Loweruka ndi Lamulungu ndiye amachoka tiyi asanazizire n'komwe. Mwana wathu wamkazi anakwatiwa ku Chegutu, wamwamuna ali ku Joni, choncho m'nyumba mumatsala ine ndi wailesi. Sindinkadandaula kwa munthu. Ndikanati chiyani? Azimayi anzanga a mukomboni ali ndi zipsera zenizeni, ine ndikawauze kuti ndikulira ndi zitsekerero za kokakola?

Sabata yotsatira ndinapempha katoni kukhitchini kwa madamu. Ndinaidula bwinobwino, n'kujambula mabokosi ndi rula ya mwana wanga yakale, ena n'kuwadetsa ndi polishi wa nsapato. Zitsekerero ndinatola m'bini ya abwana. Zinanditengera masiku atatu, chifukwa bolodi loyamba ndinalakwitsa kuwerenga mabokosi.

Lamulungu m'mawa, amuna anga akumanga zingwe za nsapato, ndinaika bolodi lija pampando patsogolo pawo.

"Bambo a ana, lero mundiphunzitse."

Analiyang'ana, analitembenuza, n'kumwetulira. "Mwapanga nokha? Koma ndiye mwalitha, mayi."

Tinakhala pamkeka pakhomo. Anandionetsa kayendedwe kake, kuti chitsekerero chimapita chopingasa, chikadumpha cha mnzako ndiye kuti wadya. Ndinkamvetsera, koma kwenikweni ndinkayang'ana manja awo. Ndinali nditaiwala kuti chala chawo chaching'ono chinapindika pa ngozi ya thirakitala tisanakwatirane. Masewerowo sanathe ngakhale mphindi zisanu. Anandidya zonse ine nditadya chimodzi, chimenenso ndikuganiza kuti anachita kundipatsa.

"Tibwerezenso," ndinatero.

"Mukufunika kuyamba mwaonerera kaye anthu odziwa." Anaimirira, akusansa thalauza. "Komatu bolodi ili ndi labwino kuposa lathu la kumtengo, lija linanyowa ndi mvula. Ndibwereke, anzanga akalione."

Analipinda n'kuliika m'khwapa. Zitsekerero anasiya, anati kumeneko zilipo zambiri. Ndinawaperekeza ndi maso mpaka anakhota pa shedi yakale ya fodya. Kuonerera kumene ankanenako sikukanatheka, pansi pa mtengo uja sipakhala mkazi.

Lolemba ndinawafotokozera madamu tikusenda mbatatesi. Ndinkayesa aseka ngati tsiku lija, koma sanaseke. Anati iwonso anagulapo nsapato za gofu, anazivala kamodzi, abwana n'kuwauza kuti akuchedwetsa anzawo. Tinasenda mbatatesi zambiri kuposa zimene anthu awiri angadye. Tsiku limenelo anandiuza kuti ndidyere patebulo, koma ndinakana, ndinakadyera kukhitchini monga mwa masiku onse. Mpaka pano sindidziwa chimene ndinakanira.

Mvula isanayambe madamu anasamukira ku Harare, anati pafamu pakuwadwalitsa. Popeza abwana nawonso sankagonanso pafamu, madamu anandisiyira makiyi kuti ndizitsegula mawindo ndi kuthirira maluwa. Ndimapita Loweruka lililonse, ngakhale ntchito yake ndi ya ola limodzi. Ndikamaliza ndimazungulira zipinda zonse, n'kutsekanso mawindo limodzilimodzi, mosafulumira, popeza kunyumba kulibe amene akufunsa kuti ndachedwa kuti.