Sabata ya a Matewere pa Boti

M'zaka zimenezo Mmalawi akatsika ndege ku London alibe kolowera, ankakhala atapatsidwa kale kapepala kolembedwa nambala ziwiri: ya basi yochokera ku Woolwich, ndi ya chitseko cha a Matewere ku Thamesmead. Fulati yawo inali pansanja yachisanu ndi chinayi, ya zipinda zogona ziwiri zokha, koma onse amene anagonamo atati asonkhane lero akhoza kudzaza tchalitchi.

Mayi Maureen Matewere anali namwino m'wodi ya okalamba. Anabadwira ku Tsangano, kumapiri a ku Ntcheu, kumene madzi ochuluka amene mwana amakula akuwadziwa ndi a m'ndowa. Unamwino anaphunzira ku Zomba, n'kugwira ntchito ku Blantyre zaka khumi ndi zinayi, ndipo mu 2001 anakwera ndege pamodzi ndi anzawo amene zipatala za kuno zinkawafuna. Anali mayi wamfupi, woyenda ngati wasiya mphika pamoto, wosachedwa kuyankha. Madokotala achinyamata ankawaopa, nkhalamba za m'wodi n'kumawakonda pa chifukwa chomwecho. Amuna awo, a Henderson, anatsatira patatha chaka ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Kayla. Iwowa kwathu anali aphunzitsi aakulu, kuno anadzakhala oyendetsa basi ndiponso mkulu wa mpingo. Anali munthu wabwino kwambiri, ndipo vuto lawo linali lomwelo: mawu oti ayi m'kamwa mwawo munalibe.

Amati mlendo ndi mame, koma mame amafuna dzuwa kuti aume, ndipo ku London dzuwa n'losowa. Biswick, msuweni wa mnzawo wa a Henderson, anabwera mu 2004 kudzakhala masabata awiri. Mu 2007 anali akadali pasofa, atagula ndi mtsamiro wakewake. Kayla atapita ku koleji ku Coventry, bedi lake silinazizire n'komwe, madzulo omwewo m'chipindamo munalowa atsikana awiri ophunzira unamwino. Musaganize kuti Mayi Matewere ankadana ndi alendo. Iwonso atangofika anagona pansi miyezi itatu m'nyumba ya munthu ku Romford, ndipo sanaiwale. Ankaphika, ankachapa, ankawalembera anthu makalata ofunsira ntchito, n'kuwaphunzitsa kuti mzungu akakufunsa ngati uli bwino sakufuna kumva za msana wako.

Chimene chinkawadya mumtima n'china. Zaka zisanu zonsezo iwo ndi amuna awo anali asanakanganepo. Kutchalitchi ankawatchula ngati chitsanzo, ndipo achinyamata ofuna kulowa m'banja ankatumizidwa kwa iwo kukalangizidwa. Koma chinsinsi cha mtenderewo chinali makoma a fulati, opyapyala ngati katoni. Kwathu banja silikangana mlendo akumva. Ngakhale mtima utafika pakhosi umamwetulira, n'kudikira kuti achoke. Nanga akapanda kuchoka? Mayi Matewere akati atsegule pakamwa, pabalaza wina ankatsokomola, iwo n'kumeza mawuwo. Pomeza mawu owawa anazolowera kumeza ndi okoma omwe. Zotsala zinali zakuti mkaka watha, mawa ndili ya m'mawa, makiyi ali pafiriji. Ankaopa, ndipo ankaopa zedi, kuti tsiku lina alendo onse adzachoka, iwo n'kupeza kuti mlendo wotsala m'nyumbamo ndi mwamuna wawo.

Nkhani ya boti inabwera ndi a Rowland, mzungu wokankha mabedi a odwala kuchipatala komweko, amene mawondo anayamba kuwavuta. Pa tiyi tsiku lina anatulutsa chithunzi: boti lobiriwira, lalitali, la mawindo a makatani, lokhala ndi khitchini, bafa ndi mabedi, nyumba yeniyeni yoyandama. Linali pa kanyanja kena kuseri kwa Romford, pamene kale ankakumbapo miyala madzi n'kudzazamo. Eni ake anali mabanja khumi ndi awiri. Banja lililonse linagula gawo lake, ndipo chaka ndi chaka ankachita maere kugawana masabata, anayi anayi. A Rowland ankagulitsa gawo lawo. Mayi Matewere sankatha kusambira, ndipo pa boti anali asanakwerepo. Sanafunse za injini, sanafunse ngati denga limadontha. Anafunsa ngati foni imagwira kumeneko, a Rowland n'kupepesa kuti imavuta kwambiri. Malonda anathera pomwepo.

Anzawo akanamva akanati mutu wasokonekera. Ena onse ankamanga ku Area 49 ndi ku Chileka, nyumba zikuluzikulu zimene ankangozionera pa zithunzi. Mayi Matewere anatenga zimene anasunga pa mashifiti owonjezera a zaka ziwiri n'kugula gawo la nyumba yopanda ndi maziko omwe. Amuna awo anawauzira m'chikepe cha pafulati potsika, poti ndi mokhamo mmene ankapezeka awiri.

"Bambo a Kayla, ndagula share pa boti. Week yathu yoyamba ili mu July. Annual leave ndatenga kale, nanunso mutenge, tikakhale awiri. Musauze munthu, ngakhale mmodzi."

A Henderson analonjeza chikepe chisanafike pansi, ndipo anakondwa ndithu. Loweruka lina anapita ndi a Rowland kukaphunzira kuliza injini ndi kumanga zingwe, n'kubwerako akunena kuti boti ndi basi yopanda mabuleki. Koma chikumbumtima cha mkulu wa mpingo chinayamba kuwavuta. Galimoto yatsopano imapemphereredwa, nyumba imapemphereredwa, nanga chinthu choyenda pamadzi akuya munthu angangolowamo chonchi? Anakanong'oneza abusa a Chimbalanga, mwina poganiza kuti abusa sawerengedwa pa anthu. Lamlungu lotsatira, Mayi Matewere ali kuntchito, abusa analengeza kuti Ambuye adalitsa banja la a Matewere ndi sitima ya pamadzi, ndipo mpingo wonse upite ukaitsegulire. Nthungululu zinamveka mpaka pamsewu. A Henderson anakhala masabata atatu akusaka poyambira kuuza akazi awo, koma chikepe chinkafika pansi msanga.

Loweruka loyamba la sabata yawo ija anafika kunyanjako m'mawa, awiriwiri. Kunali zii. Mayi Matewere anavula nsapato, anatereka ketulo, anayesa bedi lililonse, n'kukhala panja pa botilo akuonerera abakha. Anali asanamalize kapu yoyamba pamene minibasi ziwiri ndi magalimoto asanu zinakhotera pachipata. Anatsika amayi a mvano atamanga zitenje pamwamba pa majinzi, atanyamula mapoto a mpunga ndi nkhuku. Inatsika kwaya ndi kiyibodi yake, anatsika abambo ndi mbaula ya kanyenya. Pomalizira anatsika Biswick ndi sutikesi ndi mtsamiro, poti anaona kuti eni nyumba akasamuka mlendo satsala.

Woyang'anira doko, mayi wachizungu wovala jombo, anawerenga mitu n'kupeza makumi anayi ndi itatu. Ananena mwaulemu kuti lamulo la botilo ndi anthu asanu ndi mmodzi, osapitirira. Abusa sanaonepo vuto. Anati anthu azikwera mosinthana, ndipo za kugona alemba ndondomeko yoti pofika Lachisanu aliyense akhale atalawako.

Mayi Matewere anachita zimene mayi woleredwa bwino amachita. Anapereka moni kwa aliyense ndi manja awiri, anafunsa za ana ndi za odwala, anathokoza abusa. Kenako analowa m'boti n'kutseka kachitseko. A Henderson anasuzumira pawindo. Akazi awo anali atakhala pabedi akuvalanso nsapato pang'onopang'ono, ndipo sankaoneka okwiya. Ankaoneka ngati munthu wogonja, zimene a Henderson anali asanazionepo chikwatiranire.

Abusa anasonkhanitsa anthu onse padoko kuti apemphere, ndipo onse anatsinzina. Mapemphero a abusa a Chimbalanga ankadziwika kutalika kwake, ndiye tsikulo panali Nowa, Yona ndi Petulo oti atchulidwe mmodzimmodzi. Abusa ali kwa Nowa, a Henderson anamasula chingwe chakutsogolo. Pofika kwa Yona anali atamasula chakumbuyo n'kukankha doko ndi mtengo. Pamene mpingo unkati ameni, boti linali patali moti ngakhale Biswick sakanalumpha. Mkulu wa mpingo anakweza dzanja n'kunama pamaso pa abusa kuti akungoyesa injini.

Pakati pa nyanja anazimitsa injini. Mayi Matewere anatuluka, anayang'ana madzi mbali zonse, anayang'ana amuna awo. Anadikira kaye pang'ono mwa chizolowezi, koma panalibe wotsokomola.

"Henderson," anatero, dzina limene anali asanalitchule zaka zambiri. "Ndinati musauze munthu."

"Ndinauza abusa okha."

"Abusa ndi mtengo?"

Apo ndiye thumba linamasuka. Mayi Matewere anatchula za Biswick. Anatchula bedi la Kayla, loti mwana akabwera pa holide amagona pansi ngati wobwera. Anatchula poto wawo wa ku Limbe amene anabwerekedwa osabwerera, ndi firiji imene ukaikamo yogati madzulo, m'mawa umapezamo supuni yokha. Kenako mawu anasintha. Ananena za 2003, pamene anabwerako ku maliro a mayi awo n'kupeza anthu asanu m'nyumba, malo olirira palibe, moti ankalirira kubafa atatsegula mpopi kuti alendo asamve.

A Henderson nawo sanangokhala. Anakweza mawu, iwo amene ngakhale oledzera a m'basi ankawayankha chamumtima. Anati akazi awo amabwera kunyumba ndi nkhope ya kuwodi, n'kumawalankhula ngati wodwala wokana mankhwala. Anati chaka chawo choyamba kuno, mphunzitsi wamkulu atasanduka wodikira mkazi kuti abwere ndi chakudya, palibe amene anawafunsa mmene ankamvera, ndipo pamene anayamba kulandira anthu m'pamene anadzimvanso kuti ndi bambo. Anavomera kuti nyumba ikakhala zii ankachita mantha. Sankadziwa poyambira kucheza ndi mkazi amene anamuperekeza ku Chileka ali wina n'kudzamupeza kuno ali wina.

Anakangana ola lathunthu ndi theka, manja ali m'mwamba, boti likungozungulira lokha. Zina zinali zoona, zina zowonjezera, monga mmene mkangano weniweni umakhalira. Potsiriza Mayi Matewere anati ngakhale masokosi a amuna awo akuvalidwa ndi Biswick. A Henderson anayankha kuti n'chifukwa chake iwo akuvala a akazi awo, nakweza buluku kuonetsa. Anali a maluwa ofiira. Mayi Matewere anaseka mpaka kugwirira chitsulo cha m'mbali, misozi ili chuchuchu, ya kuseka ndi inayo pamodzi. Anamva thupi kupepuka, ndipo anamva njala.

Anthu a kumapiri sadziwa kuti madzi odekha amanyamula mawu. Pobwerera anapeza padoko palibe minibasi, palibe kwaya, palibe sutikesi ya Biswick. Panali mapoto atatu ovundikira bwino, ndi Mayi Rose atakhala pampando wopinda, makiyi a galimoto ali m'manja. Mayi Rose anali wamkulu pa onse mumpingo, wa ku Likoma, amene anabwera kuno kalekale ndi amuna awo pothawa za ndale. Kuzungulira nkhani sankadziwa.

"Zonse tamva," anatero. "Mpaka za masokosi. Keyboard anazimitsa kuti timve bwino."

Manyazi anawagwira Mayi Matewere. Anayamba kupepesa, koma Mayi Rose anawadula. Anati oyenera kupepesa apita kale ndi manyazi awo, ndipo asananyamuke anakhala pansi n'kugawana alendo: Biswick watengedwa ndi abusa, atsikana awiri aja akakhala kwa Mayi Rose ku Romford, kumene zipinda zikungokhala. Anati nkhani ya kubafa ija yawaliza amayi onse.

"Mwatilandira tonse, mwana wanga, ife osafunsa kuti inuyo mumakhala pati. A Henderson, za fridge zija akazi anu akunena zoona. Kadyeni, mpunga ukuzizira."

Anakwera galimoto yawo napita. Awiriwo ananyamula mapoto kulowa nawo m'boti, anakhala moyang'anana pa kathebulo, napemphera mwachidule. Kunalinso zii, ndipo Mayi Matewere anamva mantha aja akubwerera pang'ono, kuti mwina mawu onse athera pamadzi paja. A Henderson anawaikira ntchafu ya nkhuku m'mbale, anakankhira foni pambali, nakhazikika bwino.

"Ndiye amake Kayla," anatero, "zolakwa zanga za 2005 simunazikhudze n'komwe. Yambani, tili ndi week yonse."