Chimanga Chimene Tinakwirira ku Palabana

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza m'minibasi, nditapanikizidwa pakati pa thumba la kapenta ndi bambo wina wonenepa amene galimoto yake inali itafera pa Chongwe. Ndinkachokera ku maofesi a khonsolo kokafunsa ntchito, ndipo anali atandibweza ndi mawu okoma. Kwathu ndi ku Katete, koma ndinkakhala kwa azakhali ku Lusaka ndi pepala langa la maphunziro a zaulimi, ndipo ndinali nditayamba kuoneka ngati mlendo woiwala njira yobwerera. Mayi wina wachikulire anali ndi botolo la mankhwala a nkhupakupa, akufunsa aliyense kuti zolembedwazo zikuti chiyani. Ndinamuwerengera n'kumufotokozera m'Chinyanja kasakanizidwe kake ndi madzi. Bambo uja anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa ngati ndimatha kupalasa njinga. Ndinati inde, ngakhale kuti ndinali nditasiya kupalasa ndili ku pulayimale.

Anali Ba Mulenga, amene ankayang'anira kagulu ka alimi a ng'ombe za mkaka ka ku Palabana. Anandipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yolandirira mkaka, njinga yopanda mabuleki akumbuyo, ndi buku lalikulu la Chingerezi. M'mawa ndinkalandira mkaka. Ndinkaviikamo kagalasi koyandama kamene kamaulula ngati munthu wathiramo madzi, n'kusakaniza madontho a mkaka ndi sipiriti kuti ndione ngati wayamba kusasa, kenako kusefa ndi kuthira m'thanki yoziziritsa. Masana ndinkazungulira m'makola kukaphunzitsa zimene zinali m'buku muja.

Munthu amene amakana mkaka wa anthu sakhala ndi anzake, ndipo zimenezi palibe anandichenjeza. Alimi ankacheza m'Chisoli pa mzere, akafika pa ine n'kutembenukira ku Chinyanja chaulemu, chozizira. Dzuwa likapendeka onse ankapita kwawo. Mbali ina kunali minda, mbali ina mipanda ya mabuloko ya anthu ogwira ntchito ku Lusaka, amene ndinkangowaona m'magalimoto. Ndinkasungulumwa kwambiri, mpaka ndinayamba kupatsa moni thanki.

Buku lija linali lodzaza ndi mawu aatali ngati msewu wa ku Chipata. Ba Mulenga ankabwera Lachisanu lokha, ndipo tsiku lina anandipeza ndikuloweza mawuwo pamtima ngati katekisimu. Iwo ali mnyamata anaphunzirako za unsembe, koma mayi wina wa ku Kabwe anawatulutsako, n'kutsala ndi Chigiriki chokha. Anatseka bukulo n'kunena kuti, "Mau aatali ni monga nzimbe, Taonga. Uzidya mfundo imodzi imodzi."

Anandisonyeza kuti mawu ambiri a sayansi ofotokoza mmene chinthu chilili ndi zidutswa za Chigiriki zolumikiza. Thermos ndi chotentha, philos ndi wokonda, ndiye tizilombo totchedwa thermophilic ndi tokonda kutentha, timene timapanga yogati. Mesos ndi pakati, ndiye ta mesophilic timakonda pofunda chabe, ngati timene timasasitsa mkaka m'chipanda kuti ukhale mabisi. Psychros ndi chozizira, ndipo ta psychrophilic ndi timene sitiopa ngakhale thanki yanga. Hydrophobic ndi choopa madzi, chifukwa hydor ndi madzi, phobos ndi mantha. Kamchira ka -ic kamene kali kumapeto nakonso n'kochokera ku Chigiriki, ndipo kamangosonyeza kuti chinthucho n'cha mtundu umenewo. Kuyambira pamenepo madzulo anga ankathera pa kuswa mawu ndili pakhomo, ndipo ndikapeza atsopano ndinkasangalala, kungoti panalibe womuuza.

Amene anandichotsa pakhomo paja anali Amake Luka, mayi wamasiye wa ng'ombe ziwiri za mkaka. Ndinawakanira mkaka kamodzi chifukwa unali utasasa, ndipo m'malo mokwiya anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti munthu wowonda chonchi sangadziwe za mkaka. Madzulo ake anandiitana kukadya chibwabwa chotendera, ndiwo za masamba a maungu. Posapita nthawi ndinali kudya kwawo pafupifupi Lamlungu lililonse, iwo akundinyoza kuti ndimapalasa njinga ngati ndikuthawa agalu. Ankanditchula kuti mwana wanga, ndipo m'dera lonselo ndi okhawo amene ankadziwa dzina la amayi anga.

Vuto la alimi athu linali chilimwe. Udzu ukauma ng'ombe zinkaonda, mkaka n'kuphwa. Ba Mulenga ankafuna kuti mlimi mmodzi ayese sayileji, imene ndi chimanga chodula chili chachiwisi n'kuchisunga m'dzenje kuti ng'ombe zidzadye m'chilimwe. Onse anakana. Kuno kudulira ng'ombe chimanga chimene chili ndi maso a mkaka, anthu asanalaweko, n'chinthu chimene munthu wanzeru zake sachita. Amake Luka anavomera chifukwa cha ine, ndipo ananena zimenezo poyera. Anapereka gawo lalikulu la munda wawo, chakudya cha banja lawo, pokhulupirira kuti mkaka wa m'chilimwe udzagula ufa.

Tinakumba dzenje pamalo okwera n'kuyalamo pulasitiki yakuda. Chimanga tinachiduladula ndi zikwanje, tizidutswa totalika ngati mfundo ya chala, mapesi ndi zitsononkho zomwe. Tinkathira pang'onopang'ono, kuwaza molasesi, manyuchi akuda a nzimbe, wosungunula m'madzi, n'kugubuduzapo mgolo wodzaza madzi mpaka phazi lisalowe. Anthu oyandikana nawo ankaima m'njira n'kumafunsa kuti maliro ake ndi a ndani. Ine ndinaphunzitsa monyadira liwu lakuti anaerobic: an ndi popanda, aer ndi mpweya, bios ndi moyo, ndiye kuti tizilombo tokhala moyo popanda mpweya, timene timasasitsa chimanga kuti chisaole. Adani ake ndi ta aerobic, todalira mpweya, timene timaoletsa. Ndinabwereza kuti mpweya usalowe, Amake Luka anagwedeza mutu kuvomereza. Tinatseka pulasitiki, kuikapo dothi lochepa ndi matayala akale. Mvula yomaliza inagwa, dzinja linatha, ndipo ndikadutsa ndinkaona mulu uli phee.

Tinatsekula mu Seputembala, tsiku lotentha la mphepo ya fumbi. Anthu aja amene ankafunsa za maliro anabwera osaitanidwa. Sayileji yabwino imakhala yobiriwira mofiirira ndipo imanunkhira kowawasa ngati chakumwa cha munkoyo. Nditangokweza pulasitiki, fungo la zoola linandibweza m'mbuyo. Pamwamba ponse panali pakuda, ponata, pali nkhungu yoyera ndi ya buluu. Ndinapisa dzanja mpaka m'chigongono, koma sindinapeze pabwino. Nditakweza pulasitiki ku dzuwa ndinaona timabowo tambirimbiri, tozungulira bwino, toti si khoswe kapena chiswe.

Ndinawatengera Amake Luka pambali n'kuwafunsa motsitsa mawu. Sanabise chifukwa sankaona cholakwa. Anati patangopita masiku ochepa titatseka, pulasitiki inatupa mpaka kunyamula dothi, inalimba ngati mimba ya ng'ombe imene yadya nyemba zaziwisi. Aliyense woweta amadziwa kuti ng'ombe ikatupa suidikira, umaiboola pambali kuti mpweya utuluke, apo ayi ifa ukuona. Ndiye anatenga sipoko ya njinga n'kuboola, mluzu unamveka, mulu n'kuphwa. Itatupanso anaboolanso. Sanandiuze chifukwa ankaona kuti andithandiza, ndipo sanafune kuvutitsa mwana wa eni ake pa kanthu kakang'ono.

"Unakamba ati mpweya usangene," anatero. "Ine siningenese, ninachosa chabe."

Ndinawafotokozera kuti kutupa kuja n'kwachibadwa, kumatha kokha, ndipo bowo lotulutsira ndi lomwenso mpweya ndi mvula zinalowera. Kenako anatenga dengu n'kuyamba kuwolera zoolazo kuti akapatse ng'ombe, akunena kuti ng'ombe imadya ngakhale pulasitiki, siingafe ndi chimanga chake chomwe. Ndinaimbira foni Ba Mulenga. Anandiyankha mwachidule kuti, "Iyo nkhungu ni toxic. Zisadye olo pang'ono, ng'ombe ya mimba izataya mwana." Liwu limenelo ndinkalidziwa kale. Limachokera ku toxon, uta, chifukwa Agiriki ankapaka ululu ku mivi. Tsiku limenelo kudziwa zimenezo sikunandithandize kanthu.

Ndinagwira dengu lija mbali inayo, pamaso pa anthu onse, n'kuwauza kuti sindilola. Ine mwana, kulanda dengu m'manja mwa mayi wamkulu pakhomo pake. Wina anaseka kumbuyo. Amake Luka anandiyang'ana n'kusiya dengu.

"Munanidulisa milisi yanga, ba Taonga," anatero, akunena za chimanga chawo. "Manje ana azadya chani, na ng'ombe zizadya chani?"

Anali asananditchulepo ndi ulemu woterowo, ndipo unandipweteka kuposa kutukwanidwa. Tinakumba awiriwiri mpaka madzulo, tikutaya zoola kutali ndi khola. Pansi penipeni, pamene mgolo unapondereza kwambiri, tinapeza zabwino pang'ono, zosakwana kufikitsa ng'ombe ziwiri ku mvula. Mwezi wotsatira anagulitsa imodzi kwa munthu wa butchala ku Chongwe n'kugula ufa ndi madeya. Mkaka wa yotsalayo ankabweretsabe m'mawa uliwonse, ankandipatsa moni wonse bwinobwino, ine n'kuyeza, kusefa, kuthira m'thanki. Lamlungu ndinabwerera pakhomo panga paja, ndipo nthawi zina ndinkalira.

Lero ndimaphunzitsa achinyamata amene akupita kukagwira ntchito m'makola, ndipo mawu aatali ndimawaswabe, chifukwa munthu wodziwa zidutswa zake saopa buku lililonse la sayansi. Koma ndimawauza kuti liwu limanena zimene tizilombo timafuna, silinena zimene mlimi adzaone ndi maso ake iwe utapita, kapena zimene manja ake anazolowera kuchita akaona chinthu chatupa. Uzimufunsa zimenezo dzenje lisanatsekedwe, umuuze kuti lidzatupa, ndipo sabata yoyamba uzipita kukaima naye pamenepo. Chaka chotsatira alimi ena atatu anayesa ndipo zinawayendera, chifukwa nkhani ya sipoko inali itamveka mpaka ku Nkomeshya. Amake Luka sanayesenso. Ndinachoka ku Palabana ntchito itatha, ndipo ndinapita kukatsanzika. Ananditulutsira mpando wa alendo panja, anandifunira ulendo wabwino, ndipo anapereka moni kwa amayi anga. M'nyumba sindinalowe.