Chitsa cha Maluwa a Amake Tisa

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene bambo anabweretsa mkazi wina pakhomo pathu ku Kanakantapa. Anali a Esnart, munthu wosalankhulalankhula. Ine ndinkangowaitana kuti “ba anti”, nkhope ili gwaa.

Amayi ondibereka atamwalira, achibale anagawana zitenje zawo ndi mapoto omwe. Ine chimene chinanditsalira ndi maluwa amene anabzala pafupi ndi thandala la mbale, oyera, pakati pachikasu, aja amaphukanso chaka ndi chaka pachitsa chomwecho. Dzina lake sitinkalidziwa. Tinkangoti maluwa a amake Tisa, ndipo Tisayo ndine. Koma chaka chimenecho anaphuka owerengeka, pakati pa chitsa patauma.

Tsiku lina m’nyengo ya mphepo yafumbi ndikuchokera kusukulu, ndinapeza ba anti atadula mapesi onse. Chitsa anali atachikumba, akuching’amba ndi mpeni ngati chinangwa. Mtima unandiwawa koopsa. Ndinkaona ngati akuchotsa amayi kachiwiri.

“Mwapha maluwa ya amai anga,” ndinatero misozi ili chuchuchu.

Sanandikalipire. Anandionetsa mizu, yopiringizana, ina yowola, ikununkha chinyezi.

“Ona, Tisa, yapanikizana. Nikayasiya so, chaka cha mawa kulibe. Bwela unigwilileko.”

Ndinakana. Anabzala okha zidutswazo motalikirana, n’kuphimba ndi udzu wouma. Madzi tinkatunga kutali, kuchitsime cha kumunsi, ndipo bambo ankadandaula kuti maluwa sadyedwa. Choncho ba anti ankasunga madzi otsukuluzira mbale, ena n’kupungula pa osamba awo. Ndinkawaonera pazenera, ndikudikira kuti ziume kuti ndiwanene bwino kwa bambo.

Sizinaume. Mvula itagwa, mzere wonse unayera mbuu, njuchi zili ng’ung’ung’u. Mmawa wina ba anti anathyola angapo n’kundipatsa m’kabotolo ka madzi.

“Peleka kumanda ukayenda na atate ako. Uwauze amai ako kuti tikali kusunga.”

Mawu akuti “amayi” sanabwere tsiku lomwelo ayi, anatenga nthawi. Koma anabwera. Tsopano ndikudziwa kuti mayi uja sankalimbana ndi malemu, ankawasamalira m’njira imene iye ankaidziwa.

A Esnart nawonso anatisiya. Chaka chilichonse ndimang’amba chitsa chija, chimene ndinasamuka nacho kwanga ku Chalimbana, ndipo ana akandifunsa kuti ndi maluwa a ndani, ndimati a amayi anga. Sindinena kuti ati.