Zenera la Mphindi Zitatu

Lolemba lapitali ndinaboola khoma la nyumba yanga ndi chikwanje. Palibe anandituma, ndipo sindinalawe kanthu. Ndinangoonera kanema basi.

Inu amene mumandiwerenga sabata ndi sabata mukudziwa kuti ine mtima suchedwa kundipsa, ndipo ndi mtima womwewo unanditulutsa sukulu ndili Sitandade 6. Koma lero sindinabwere kudzakalipira munthu. Ndabwera ndi mafunso, chifukwa pali chinthu chikundizunguza mutu.

Loweruka lapitalo kunafika galimoto ya kanema kuno kwa Tengani. Anakoleka chinsalu choyera pabwalo la sukulu, tinaonetsa makhadi a chipani, tinaimba nyimbo, ndipo dzuwa litangolowa zinayambika. Kanema wake anali wa kukonza nyumba. Poyamba anaonetsa nyumba yamdima bii, yopanda zenera, mayi akutsokomola ndi utsi. Kenaka kunatulukira bambo wa malaya oyera. Analemba pakhoma ndi choko, anagogoda kangapo, bowo ilo! Anaikapo felemu, anapaka njereza, mkazi wake anasuzumira panja akumwetulira, gitala ikulira. Mphindi zitatu zokha. Nyumba mbee, ndipo malaya a bamboyo anali oyerabe ngati akupita ku Misa.

Mkazi wanga Malita anandigunda ndi chigongono. "Inu, mwaona? Anzathu akugona mopita mphepo. Ife tikungofutika m'nyumba ngati mbatata."

Sananame. Amene anagonapo kuchigwa kuno mwezi wa Okotobala akudziwa.

Tsono mudziwe ichi kuti mumvetse bwino. Ine ndine mkamwini, ndipo chino ndi chaka changa choyamba pamudzi wa kwawo kwa Malita. Nyumbayo ndinamanga ndekha, yophoma ndi matope. Mkamwini samuyesa ndi pakamwa ayi, amamuyesa ndi munda ndi nyumba. Ndipo mitambo inali itayamba kale kusonkhana kutsidya kwa Shire.

Lolemba m'mawa ndinatola khala, poti choko ndilibe, ndi kulemba pakhoma monga anachitira mnzanga wa m'kanema. Ndinatema. Chikwanje chinanjanja. Ndinatemanso. Chimene kanema sanationetse ndi chakuti m'kati mwa khoma ngati langali muli nsichi zoimirira ndi bango lomanga ndi luzi. Ndinkadziwa, si ndinaziika ndine? Koma mutu unali pa mphindi zitatu zija. Mtima unapsa, ndinadula nsichi ziwiri.

Denga linalira. Kenaka mng'alu unatsika kuchokera pangodya ya bowolo mpaka pansi, waukulu woti dzanja n'kulowamo.

Ndili chiimire choncho, anatulukira a Zuze, amalume ake a Malita, khasu lili paphewa.

"Mkamwini, kodi m'khomamo mwalowa njoka?"

"Ayi malume, ndi zenera."

"Zenera? Nkhabe, si zenera! Ilitu ndi khomo la mbuzi." Anasuzumira m'bowomo n'kupukusa mutu. "Mwadula miyendo ya nyumba. Ndiye mukufuna iimire chiyani?"

Ndinawauza kuti m'kanema anachita chimodzimodzi.

"Anthu a m'kanemamo anavala chiyani?"

Ndinaganiza pang'ono. "Mayiyo anavala juzi."

"Juzi!" Anaseka mpaka anatsamira khasu. "Ndiye ndi kwathu kuno kumeneko? Zakumapiri zimenezo, mwananga. Kumeneko ndi katondo ndi njerwa zootcha. Kuno ndi makande. Dzuwa likawala amang'ambika, mvula ikagwa amasungunuka. Mvula ikapeza khomali lili chonchi, mukagona kukhitchini kwa apongozi anu."

Kukagona kukhitchini kwa apongozi, chaka choyamba? Mudzi wonse ukanandiimba nyimbo pamtondo.

Mphindi zitatu zija zinatitengera masiku asanu. Ine ndi a Zuze tinakadula mphanda ziwiri zochirikizira denga. Titafukula pansi, tinapeza kuti nsichi ina yachitatu chiswe chinaidya kalekale, tinaichotsanso. Malita anatunga madzi mpaka khosi linauma. Ndinaponda matope, ndinaphoma, anauma, anang'ambika, ndinaphomanso. Felemu tinaikhoma ndi matabwa a bokosi la sopo, ndipo inakana kulowa mpaka a Zuze ataisema ndi kasemasema. Masiku onsewo tinkagona pakhonde, udzudzu ukutichitira phwando. Malaya anga musafunse.

Lachinayi ndinapalasa njinga mpaka ku Chiromo kukafuna mapata a chitseko cha zeneralo. Mukudziwa chimene ndinachipeza chitaima pafupi ndi mlatho wa sitima? Galimoto ya kanema ija. Bambo wozunguza makinawo anali pamthunzi akumwa tiyi. Ndinatsika panjinga magazi akuwira, koma nditamuyandikira ndinaona kuti ndi munthu wotopa ngati ine ndemwe, fumbi mpaka m'nsidze.

"Achimwene, nyumba ya m'kanema ija ili kuti?"

"Kaya. Ine ndimangozunguza."

"Nanga anaikonza masiku angati?"

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, anaona matope ouma m'zikhadabo, n'kuyamba kuseka. "Mwaboola?"

"Ndaboola."

"Pepani, achimwene. Koma tandiuzeni. Akanajambula zonse, mukanakhala pabwalo paja sabata yathunthu kuonerera matope akuuma?"

Funso limenelo ndinabwerera nalo njira yonse, ndipo mpaka pano silinandichoke.

Zoona, ndani akanakhala? Ine sindikanakhala. Tikanayamba kuimba malikhweru kuti atiikire za nkhonya. Tsono amene amajambula aja amadula zotopetsa zonse, natisiyira poyambira ndi pothera. Koma ntchito yeniyeni imakhala pakati pomwe adulapo!

Ndiye ndikufuna kudziwa. Banja la m'kanema lija linkagona kuti masiku amene khoma linali pululu? Madzi anatunga ndani? Felemu ija inalowa ulendo umodzi, kapena kumbuyo kwa makina ojambulira kunali mmisiri ndi kasemasema wake? Bambo uja anali ndi malaya oyera angati? Nanga chaka chitatha, mvula itagwa, alipo anabwererako kukaona ngati njereza ija ikadalipo?

Musandimve molakwa. Chitukuko ndi chabwino, ndipo nyumba yolowa mphepo ndi yabwino. Kanema uja sananame kuti zenera limathandiza. Anangobisa thukuta. Ndipo ndikaganiza bwino, khalidweli si la anthu a kanema okha. Ifenso tikamva kuti kukubwera alendo, timapaka njereza khoma liti? Loyang'ana kumsewu. Kumbuyo timasiya mmene muliri. Mnzathu akabwera kuchokera ku Joni amationetsa wotchi ndi wayilesi, za kumgodi sanena. Tonse timakonda kuonetsa pothera. Choipa chake n'chakuti wopupuluma ngati ine amaona pothera pa mnzake n'kuthamangira chikwanje.

Ndikanakonda wina adzajambule kanema kuchigwa kuno, pa makande athu, anthu ake ali thukuta kamukamu. Aonetse khoma likung'ambika ndi amalume akuseka. Asaonetse sabata yonse ayi, koma pena pake munthu anene poyera kuti: apa panapita masiku asanu, ndipo musadule nsichi.

Zeneralo linatha Lachisanu madzulo. Loweruka m'mawa ndinadzuka monyadira, ndinakankha kachitseko, mapata atsopano osalira n'komwe, ndinatulutsa mutu monga anachitira mayi wa juzi uja.

Maso anga anagwera m'maso mwa apongozi anga.

Anali pakhonde pawo akusola thonje, ndipo zenera langa linawaloza ndendende ngati mfuti. Inu a kuno mukudziwa, mkamwini ndi apongozi ake aakazi sapenyana kumaso, ngakhale panjira timapatukirana. Mayiwo anafunda nsalu kumutu n'kuthawira m'nyumba, dengu la thonje n'kugubuduka. Masiku asanu onse ndinkayang'ana khoma, osatembenuka kuona chimene khomalo layang'ana.

Malita anagwira pakamwa. "Inu! Amayi azikhala bwanji pakhonde pawo?"

Ndinathamangira kwa a Zuze. "Malume, simunaone kuti zenerali laloza kwa amayi?"

"Ndinaona tsiku loyamba lomwe."

"Nanga osanena bwanji?"

"Nyumba inali kugwa, mkamwini. Ndinati tiyambe tapulumutsa nyumba, manyazi tidzaona pambuyo."

Mvula yoyamba inagwa Lamulungu masana, yamphepo. Ndinaima m'kati dzanja lili pakhoma mpaka inakata. Khoma silinagwe, ndipo kukhitchini kwa apongozi sindinagoneko. A Zuze anadutsa, anagogoda khomalo ndi ndodo, anati "pyadidi," ndiye kuti zili bwino, n'kumapita.

Koma zenera langa, la mapata a ku Chiromo, lili chitsekere. Kunja kwake tapachikako mphasa. Timalitsegula pokhapokha Malita akasuzumira n'kunena kuti amayi apita kudimba, ndipo akangomva akutsokomola panjira, timatseka msangamsanga n'kuyambiranso kufutika ngati mbatata.

Tsono inu amene mumayenda ndi galimoto ya kanema, mukadzakumana naye bambo wa malaya oyera uja mudzandifunsireko funso limodzi lokha: apongozi ake amakhala mbali iti?